Charles Latham: mlimi wa tirigu yemwe adatsogolera otsutsa boma ku Perth kwa zaka 9

Pachisankho cha mu Malichi 2021 m'chigawo cha Western Australia, chipani cha Labor chidatenga mipando 53 mwa mipando 59 ya m'nyumba ya malamulo ya ku Perth. Chipani cha Liberal, chomwe kawirikawiri ndicho chimalimbana ndi Labor, chidatsala ndi aphungu awiri okha, pomwe chipani cha alimi cha Nationals chidapeza anayi. Motero udindo wotsogolera mbali yotsutsa boma udagwera mayi Mia Davies a Nationals. Anthu ambiri adadabwa kuona kachipani ka kumidzi kakuyang'anizana ndi boma, koma sikadali koyamba. Zoterezi zidachitikapo mu 1933, ndipo yemwe adasenza udindowo nthawi imeneyo adali a Charles George Latham, mlimi wa tirigu wa ku Narembeen. Iwo adaugwira mpaka 1942 osalawako mpando wa nduna yaikulu. Mbiri yawo imaonetsa zomwe chipani chaching'ono chingapindule m'nyumba ya malamulo, komanso pomwe mphamvu zake zimathera.

Australia ndi dziko la chitaganya. Lili ndi zigawo zisanu ndi chimodzi, ndipo chilichonse chili ndi nyumba ya malamulo, nduna zake ndi nduna yaikulu yake, pomwe boma la dziko lonse limakhala ku Canberra. Western Australia ndiye chigawo chachikulu kuposa zonse. Kukula kwake kumaposa Malawi maulendo 20, koma m'zaka zomwe a Latham ankatsogolera otsutsa boma anthu ake sankakwana theka la miliyoni. Nyumba ya malamulo ya ku Perth ili ndi zipinda ziwiri: Legislative Assembly, komwe boma limapangidwa, ndi Legislative Council, yomwe imaunikanso malamulo asadayambe kugwira ntchito. A Latham adatumikira m'zipinda zonse ziwiri.

Mwana wamasiye wa ku Kent

A Latham adabadwa pa 26 Januwale 1882 ku Hythe, m'dera la Kent ku England. Makolo awo adamwalira iwo ali aang'ono, ndipo mu 1890 adafika ku Australia ali mwana wamasiye. Adakulira m'chigawo cha New South Wales ndipo adakwatira m'tauni ya Hay mu 1903. Mu 1910 adasamukira kumadzulo kwa dzikolo nakatenga malo olima ku East Kumminin, dera lomwe lero limadziwika kuti Narembeen, makilomita pafupifupi 290 kum'mawa kwa Perth.

Nthawi imeneyo boma la chigawochi linkakopa anthu kuti akatsegule minda m'nkhalango zouma za kum'mawa. Linkayala njanji, ndipo banki yake ya alimi, Agricultural Bank, inkabwereketsa ndalama kwa aliyense wogwetsa mitengo ndi kufesa tirigu. Yemwe ankalimbikira kwambiri ntchitoyi adali a James Mitchell, phungu wa ku Northam, amene dzina lawo lidadzalukana ndi la a Latham kwa zaka zambiri. Malo ogawidwawo sadali opanda eni. Adali a anthu a mtundu wa Noongar, omwe adakhalapo kwa zaka zikwizikwi azungu asadafike, ndipo ambiri a iwo adasanduka aganyu odula mitengo pa nthaka ya makolo awo.

Ulimi wa kumeneko udali wa mtima wolimba. Mvula inkagwa yochepa, nthaka inkafuna feteleza chaka ndi chaka, ndipo mlimi ankayamba ntchito ali kale m'ngongole. Chilala cha 1914 chidapsereza mbewu m'dera lonse la tirigu. M'mavuto oterewa ndimo mudabadwira chipani cha alimi. Bungwe la Farmers and Settlers' Association lidakhazikitsa Country Party mu 1913, ndipo pachisankho cha 1914 chipanicho chidapeza mipando 8 mu Legislative Assembly motsogozedwa ndi a James Gardiner. Cholinga chake chidali chosabisa: kugulitsa mavoti a aphungu ake kwa chipani chachikulu chilichonse chomwe chingapatse alimi njanji, ngongole zofewa ndi mitengo yotsika yonyamulira katundu.

A Latham adayambira ndale m'komiti yoona za misewu ya ku Bruce Rock. Mu 1916 adasiya munda nalowa usilikali, ndipo adamenya nkhondo yoyamba ya dziko lonse ku France m'gulu la 16th Battalion. Adavulala mu 1918, nabwerera kwawo mu 1919 ali sajeni.

Phungu wa York

Pachisankho cha mu Malichi 1921 anthu a dera la York adawasankha kukhala phungu wawo pa tikiti ya Country Party. Chisankho chomwecho chidalowetsa m'nyumbayo mayi Edith Cowan a ku West Perth, mkazi woyamba kukhala phungu mu Australia yense. A Mitchell adali atakhala kale nduna yaikulu, ndipo ankalamulira mothandizana ndi aphungu a alimi.

Mgwirizanowo udabala mkangano womwe umavuta zipani zing'onozing'ono kulikonse. Aphungu ena ankaona kuti alimi amapindula pamene anthu awo ali nduna. Akuluakulu a bungwe la alimi kunja kwa nyumba ankaona kuti aphunguwo amezedwa ndi boma ndipo aiwala omwe adawatuma. Mu 1923 chipanicho chidang'ambika pawiri. A Latham adatsata gulu lomwe lidatsalira kwa a Mitchell, ndipo adadzabwerera ku Country Party zaka za m'ma 1920 zisadathe. Panthawiyo n'kuti boma lili m'manja mwa Labor, pansi pa a Philip Collier, omwe adapambana mu 1924.

Chisankho cha mu Epulo 1930 chidasintha zinthu. Labor idagwa, ndipo mtsogoleri wa Country Party, a Alec Thomson, adataya mpando wawo wa Katanning. Aphungu a chipanicho adasankha a Latham kulowa m'malo mwawo. M'boma latsopano la mgwirizano, a Mitchell a chipani cha Nationalist adakhala nduna yaikulu, ndipo a Latham adakhala wachiwiri wawo komanso nduna ya za malo, za olowa m'dziko ndi za umoyo.

Unduna m'zaka za njala ya ndalama

Boma limeneli lidalowa pamene chuma cha dziko lonse lapansi chinkagwa. Mu 1930 boma la chitaganya la a James Scullin lidapempha alimi kuti alime tirigu wambiri kuti dziko lipeze ndalama zakunja, ndipo lidalonjeza masheleni anayi pa bushel iliyonse, muyeso wa makilogalamu pafupifupi 27. Alimi a ku Western Australia adamvera, nakolola tirigu woposa ma bushel 50 miliyoni, zokolola zomwe chigawocho chidali chisadazionepo. Koma lamulo lotsimikiza mtengowo lidakanidwa m'nyumba ya Senate, ndipo mtengo wa pamsika wa dziko lonse udagwa mpaka pafupifupi theka la wolonjezedwa uja. Mlimi aliyense wa fodya kapena thonje yemwe adakololapo zochuluka m'chaka cha mitengo yoipa akudziwa mapeto ake: nkhokwe zodzaza, ngongole zosabwezeka.

A Latham, monga nduna ya za malo, ndiwo ankayang'anizana ndi alimi omwe ankalephera kulipira boma ndi mabanki. Mu 1930 nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo la Farmers' Debts Adjustment Act, lomwe linkapatsa mlimi mpata wopuma kuti omwe adamukongoza asamulande munda ndi zipangizo nthawi yomweyo. Lamuloli lidachedwetsa tsoka, koma silidakweze mtengo wa tirigu, ndipo mabanja ambiri adasiya minda yawo. Mu 1931 maboma onse a mu Australia adagwirizana kudula ndalama zomwe ankagwiritsa ntchito ndi 20 peresenti, ndipo boma la a Mitchell lidatsata.

Mkwiyo udafalikira ponseponse. Pa 6 Malichi 1931 anthu osowa ntchito adalimbana ndi apolisi panja pa nyumba ya Treasury mumzinda wa Perth. Msasa wa Blackboy Hill, komwe asilikali a chigawochi ankaphunzitsidwa nthawi ya nkhondo, udasanduka kosungira amuna osowa ntchito. Kumidzi nako alimi ena adataya chikhulupiriro mwa chipani chawo nayambitsa bungwe lolimba mawu la Wheatgrowers' Union, lomwe chakumapeto kwa 1932 lidauza alimi kuti asapereke tirigu kumasiteshoni a sitima mpaka mtengo utakwera. Kunyanyalako sikudakhalitse, koma kudaonetsa kuti mtsogoleri wa chipani cha alimi sangakhale nduna m'boma lodula ndalama osataya ena mwa anthu ake.

Pali nkhani ina ya boma limeneli yomwe siyenera kudumphidwa. Mu Januwale 1933 apolisi adasonkhanitsa anthu a mtundu wa Noongar oposa 80 omwe ankakhala m'mphepete mwa tauni ya Northam, dera la nduna yaikulu, ndi kuwasamutsira mokakamiza kumsasa wa Moore River. Chifukwa chomwe boma lidapereka chidali chakuti ali ndi mphere, koma atawapima adapeza kuti odwala adali owerengeka chabe. Izi zidachitika kutatsala miyezi itatu kuti chisankho chichitike, a Latham ali wachiwiri kwa nduna yaikulu. Alimi achizungu adali ndi chipani chowalankhulira ngakhale chidali chaching'ono. Eni nthaka adalibe phungu, ndipo ufulu woponya voti m'chigawochi adadzaupeza mu 1962.

Mavoti awiri a tsiku limodzi

Pa 8 Epulo 1933 anthu a ku Western Australia adaponya mavoti awiri. Loyamba lidali losankha aphungu. Lachiwiri lidali la riferendamu yofunsa ngati chigawocho chituluke m'chitaganya cha Australia. Dandaulo lalikulu lidali la msonkho wa katundu wochokera kunja. Msonkhowo unkateteza mafakitale a ku Sydney ndi Melbourne, choncho mlimi wa kumadzulo ankagula makina ndi waya pa mtengo wokwera, pomwe tirigu wake ankagulitsidwa pa msika wa dziko lonse popanda chitetezo chilichonse. Country Party ndi madera a tirigu adali kumbali yofuna kutuluka, ndipo a Mitchell nawonso adavomereza. Chipani cha Labor sichidafune.

Zotsatira zake zidali zosokoneza. Anthu 138,653 adavomera kutuluka, pomwe 70,706 adakana. Koma anthu omwewo adagwetsa boma lomwe linkafuna kutulukalo nasankha Labor, yomwe idapeza mipando 30 mwa 50. A Mitchell adataya mpando wawo wa Northam kwa mnyamata wa Labor, a Albert Hawke. Chipani cha Nationalist chidatsala ndi aphungu 8, pomwe Country Party idapeza oposa 10. Mwa mwambo wa nyumbayo, wotsogolera otsutsa boma amachokera ku chipani chotsutsa chomwe chili ndi aphungu ambiri, ndipo umo ndi momwe a Latham adakhalira pa mpandowo.

A Collier adalemekeza voti ya anthu natumiza nthumwi ku London mu 1934 ndi chikalata chopempha kuti chigawocho chimasulidwe. Mu 1935 komiti ya nyumba ya malamulo ya Britain idagamula kuti singalandire pempholo popanda chilolezo cha boma la chitaganya cha Australia. Nkhani idathera pomwepo. Amalawi amadziwa mbali ina ya nkhani yotere, pakuti Nyasaland idatuluka m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chidathetsedwa pa 31 Disembala 1963, chifukwa London idali ikadali ndi mphamvu pa maiko amenewo. Pa Australia mphamvu zoterozo London idali itazisiya. Chomwe zigawo zing'onozing'ono zidapezapo chidali bungwe la Commonwealth Grants Commission, lokhazikitsidwa mu 1933 kuti lizilangiza za thandizo la ndalama kwa zigawo zosauka.

Zaka 9 kumbali yotsutsa

Ntchito ya a Latham kuyambira 1933 idali yogwirizanitsa zipani ziwiri zomwe sizinkakhulupirirana kwenikweni. Chipani cha Nationalist, chomwe chidatsogozedwa ndi a Norbert Keenan kenako a Ross McDonald, chinkayimira amalonda ndi anthu opeza bwino a mumzinda, ndipo chidazolowera kukhala patsogolo. Country Party inkayimira anthu omwe ankakongola kwa amalonda omwewo. Kutsutsana ndi Labor ndiko kunkawamanga pamodzi.

Adatsogolera otsutsa pa zisankho ziwiri, cha 1936 ndi cha 1939. Mu 1936 Labor idapulumukira m'kamwa mwa mbuzi, ndi mipando 26 mwa 50. Pakadasuntha mipando yowerengeka, mtsogoleri wa chipani chachikulu cha mbali yotsutsa ndiye akadayembekezeka kupanga boma. Apa ndi pomwe a Latham adayandikira kwambiri mpando wa nduna yaikulu. Chaka chomwecho a Collier adapumula nalowedwa m'malo ndi a John Willcock, omwe adapambananso mu 1939.

Chomwe chinkatchinga a Latham chidali maziko a chipani chawo. Country Party inkapambana m'madera a tirigu ndi a nkhosa, ndipo madera amenewo adali ndi malire. M'migodi ya golide ya ku Kalgoorlie ndi padoko la Fremantle anthu ankavotera Labor. M'makwalala a anthu olemera a ku Perth ankavotera Nationalist. Malamulo a zisankho ankapatsa voti ya kumudzi mphamvu zoposa ya mumzinda, popeza madera a kumidzi adali ndi ovota ochepa pa phungu aliyense, koma mwayi umenewu unkathandizanso Labor m'migodi ndi kumpoto. Choncho chipani cha alimi chinkatha kukhala chachikulu pakati pa otsutsa, koma sichikadatha kudzaza theka la nyumba pachokha.

Ngakhale zidali choncho, otsutsa sadali opanda mano. Mu Legislative Council, ovota adali okhawo omwe ali ndi malo kapena nyumba, ndipo lamulo limeneli lidakhalapo mpaka m'zaka za m'ma 1960. Labor sidakhalepo ndi aphungu ochuluka m'chipinda chimenecho mpaka 2021. Boma la Labor linkatha kudutsitsa lamulo mu Assembly, koma ku Council linkakumana ndi aphungu a alimi ndi amalonda omwe ankatha kulisintha kapena kulikana. Pachifukwa ichi mawu a mtsogoleri wa otsutsa adali olemera kuposa chiwerengero cha aphungu okhala kumbuyo kwake.

Miyezi khumi ku Canberra

Nkhondo yachiwiri idasintha kayendetsedwe ka dziko. A John Curtin, phungu wa Fremantle, adakhala nduna yaikulu ya Australia mu Okutobala 1941. Ndege za Japan zidaphulitsa tauni ya Broome, kumpoto kwa Western Australia, pa 3 Malichi 1942. Chaka chomwecho boma la chitaganya lidalanda zigawo mphamvu zotolera msonkho wa pa malipiro. Zigawo zinayi, kuphatikizapo Western Australia, zidakasuma kukhoti lalikulu koma zidagonja. Zaka 9 zokha chichitikireni riferendamu yotuluka m'chitaganya, Perth idapezeka ikudalira Canberra kuposa kale.

Mu Seputembala 1942 a Bertie Johnston, senata wa Country Party woyimira chigawochi, adamwalira. Nyumba ya malamulo ya ku Perth idasankha a Latham kuti akatseke mpatawo, ndipo mu Okutobala iwo adatula pansi utsogoleri wa chipani ndi mpando wa York, womwe adaugwira kwa zaka 21. A Arthur Watts adalowa m'malo mwawo. Ku Canberra sadakhalitseko. Pachisankho cha pa 21 Ogasiti 1943 Labor ya a Curtin idasesa mipando yonse ya Senate yomwe inkapikisanidwa, ndipo mpando wa a Latham udapita kwa mphunzitsi Dorothy Tangney, mkazi woyamba kukhala senata mu Australia.

Kubwerera ku Perth

Mu 1946 a Latham adabwerera m'nyumba ya malamulo ya chigawo, ulendo uno mu Legislative Council. Chaka chotsatira ulamuliro wa Labor, womwe udakhala zaka 14, udatha. Koma pofika nthawiyo chipani cha Nationalist chidali chitasanduka Liberal ndipo chidali chitayambanso kuposa Country Party. Mpando wa nduna yaikulu udapita kwa a Ross McLarty a Liberal, ndipo a Watts adakhala wachiwiri wawo, udindo womwe a Latham adaugwira mu 1930. Chipani cha alimi chidabwerera pamalo pake pakale.

A Latham adalandira ulemu wa ufumu wa Britain mu 1948 nayamba kutchedwa Sir Charles. Adakhala nduna ya zaulimi kuyambira 1952 mpaka 1953, pamene Labor idabwereranso m'boma motsogozedwa ndi a Albert Hawke, omwe aja adagonjetsa a Mitchell ku Northam zaka 20 m'mbuyomo. Mu 1958 adasankhidwa kukhala pulezidenti wa Legislative Council, ndipo adapumula mu 1960. Adamwalira pa 26 Ogasiti 1968 ku South Perth ali ndi zaka 86.

Akatswiri a mbiri ya chigawochi amakamba zambiri za a Collier ndi a Mitchell kuposa za a Latham, chifukwa mayina a nduna zazikulu ndiwo amalembedwa pa misewu ndi pa nyumba za boma. Komabe ntchito yawo ili ndi phunziro kwa maiko omwe zipani zake zimakhazikika pa dera limodzi kapena pa gulu limodzi la anthu. Chipani chotero chimadziwa anthu ake, chimatha kuwapezera unduna, njanji ndi mpumulo pa ngongole, ndipo chikagwa chipani chachikulu chimatha kutsala chili chilili. Koma mavoti ake amathera pomwe minda ya anthu ake imathera, ndipo amene sali m'gulu lake, monga anthu a ku Northam aja, sichiwaona.

Malamulo opatsa voti ya kumudzi mphamvu zochuluka adathetsedwa pang'onopang'ono, mu 2005 pa Assembly ndi mu 2021 pa Council. Tirigu akulimidwabe ku Narembeen, ndipo amanyamulidwa ndi kampani ya alimi eni ake ya Co-operative Bulk Handling, yomwe idakhazikitsidwa mu Epulo 1933, mwezi womwe a Latham adachoka m'boma. Chipani chomwe adachitsogolera chidasintha dzina kukhala Nationals, ndipo mayi Davies, omwe adatenga udindo wawo wakale mu 2021, ankayimira dera la Central Wheatbelt, m'chigawo cha tirigu chomwecho. Kuchokera mu 1913 mpaka lero, palibe mtsogoleri wa chipanichi yemwe adakhalapo nduna yaikulu ya Western Australia.